Wailesi ya agogo ndi denga losaoneka la dziko la Mars

Kwathu kuli phiri limene limayankha. Tili ana, tikamaweta mbuzi m'tsinde mwake, tinkakwera pa thanthwe n'kufuula kuti "Uuuwi!", kenaka tonse zii. Pakapita kamphindi mawu aja ankabwerako, ofooka pang'ono koma athu omwe. Ukayandikira phompho ankabwera msanga, ukatalikira ankachedwa. Palibe anatiphunzitsa zimenezi, makutu okha ndiwo ankadziwa.

Madzulo tikatsekera mbuzi m'khola, malo anga anali pakhonde, pambali pa agogo aamuna ndi wailesi yawo ya mabatire anayi. Masana wailesiyo inkagwira MBC basi, kwina konse kunkangomveka phokoso longa la mvula pa malata. Koma dzuwa likangolowa, agogo akamapotokola kachitsulo kaja pang'onopang'ono, m'phokoso muja munkatuluka anthu: Chipwitikizi cha ku Mozambique, Chinyanja cha ku Lusaka, magitala a rumba ochokera kutali kumene sindinkakudziwa. Mawu ankakwera, kutsika, kuzimirira, n'kubweranso.

Tsiku lina ndinawafunsa. "Agogo, anthu amenewa masana amakhala ali kuti?"

"Amakhala alipo, mdzukulu wanga," anatero. "Koma masana dzuwa limadya mawu. Likapita kukagona m'pamene mawu amayenda."

Ndakhala ndikuphunzitsa sayansi ku sekondale kwa zaka zambiri tsopano, ndipo sindinapezebe chiganizo chachifupi choposa chimenechi pofotokoza zimene zimachitika kumwambako. Kuyambira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kukwera m'mwamba, kuwala kwaukali kwa dzuwa kumamenya tizidutswa ta mpweya n'kuthothola maelekitironi, tinthu tating'onoting'ono tonyamula magetsi timene tili mu atomu iliyonse. Chotsala ndi mpweya wokhala ndi mphamvu ya magetsi, umene asayansi amautcha plasma, ndipo dera lonselo amalitcha ionosphere. Chigawo chake cham'munsi, chotchedwa D, chimameza mafunde a wailesi a medium wave. Chimakhalapo masana okha. Dzuwa likalowa maelekitironi a m'chigawochi amabwerera msanga m'malo mwawo, chigawocho n'kutha, ndiye mafunde amadutsa n'kukagunda zigawo zam'mwamba zimene zimawabweza pansi, kutali ndi kumene anachokera. Dzuwa limadyadi mawu.

Anthu anadziwa za dengali asanalione, ndipo mpaka lero palibe amene analiona ndi maso. Mu December 1901 Guglielmo Marconi ananena kuti wamva ku Newfoundland chizindikiro chochokera ku Cornwall, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, anthu n'kudabwa kuti mafunde oyenda mowongoka akhota bwanji kutsata dziko lozungulira. Mu 1902 Arthur Kennelly ndi Oliver Heaviside, aliyense payekha, anati kuyenera kuti kumwamba kuli china chake chowabweza. Edward Appleton anatsimikiza zimenezi mu 1924, ndipo chaka chotsatira Gregory Breit ndi Merle Tuve ku America anachita ndendende zimene tinkachita pa thanthwe paja: kutumiza kaphokoso kakafupi m'mwamba, kukhala chete, n'kuwerenga nthawi imene katenge kuti kabwerere. Makina otere akugwirabe ntchito mpaka pano, ndipo ku South Africa alipo ku Hermanus ndi ku Makhanda.

Pali lamulo limodzi limene ndi msana wa nkhani yonseyi, ndiye ndipirireni pang'ono. Plasma ili ndi kagwedezekedwe kakekake, monga mmene ng'oma iliyonse ilili ndi liwu lake. Maelekitironi akachuluka, imagwedezeka mofulumira. Funde la wailesi logwedezeka pang'onopang'ono kuposa plasma silingalowemo, limabwezedwa. Logwedezeka mofulumira kuposa plasma limapyoza n'kupitirira. Masamu ake ndi oti mwana wa Fomu 3 angawathe: tenga chiwerengero cha maelekitironi m'kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse, peza square root yake, chulukitsa ndi 8,980, ndipo wapeza kuti plasma imeneyo imagwedezeka kangati pa sekondi. Pamwamba pathu pano masana kabokosiko kamatha kukhala ndi maelekitironi miliyoni imodzi, zomwe zimapereka pafupifupi 9 megahertz, kutanthauza kugwedezeka maulendo 9 miliyoni pa sekondi. N'chifukwa chake mawailesi a FM, omwe ali pakati pa 88 ndi 108 megahertz, sabwezedwa, amangoboola denga n'kumapita. Ukatuluka m'dera la mlongoti wawo, basi wawataya.

Tsono munthu woima pansi amangoona kunsi kwa denga. Kuti aone pamwamba pake ayenera kukwera. Dziko la Canada linachita zimenezi mu September 1962 ndi setilaiti ya Alouette 1, imene inkafuula choyang'ana pansi. Nzeru imeneyi ndi imene inadzapita ku Mars patatha zaka makumi anayi.

Za ionosphere ya Mars anthu anali atalawako kale. Mu July 1965 chombo cha Mariner 4 chinadutsa kuseri kwa dzikolo, ndipo mafunde ake obwera kuno anapyola mumpweya wa Mars asanazimirire. Mmene anapindikira zinaonetsa kuti mpweyawo ndi wochepa kwambiri, wosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a wathu, komanso kuti ionosphere iliko. Mu 1976 zombo ziwiri za Viking, potsika kukatera, zinayeza tizidutswa timene zinkakumana nato m'njira. Zinapeza chinthu chimene chimandisangalatsabe: ngakhale mpweya wa Mars uli carbon dioxide pafupifupi 95 pa 100 alionse, tizidutswa tamagetsi tochuluka kwambiri mu ionosphere yake ndi ta oxygen, maatomu awiriawiri ogwirana. Dzuwa limathothola elekitironi ku carbon dioxide, koma kachidutswako kakangokumana ndi atomu ya oxygen yoyenda yokha, zimasinthana, n'kutsala oxygen wamagetsi. Kuyeza kwa Viking kunali kwa maulendo awiri okha, kwa mphindi zowerengeka. Zili ngati kulawa ndiwo kawiri n'kumati wadziwa maphikidwe a mudzi wonse.

Chombo chimene ndimachikonda ine ndi Mars Express, cha bungwe la maiko a ku Ulaya loona za m'mlengalenga la ESA. Chinanyamuka ku Baikonur m'dziko la Kazakhstan pa 2 June 2003 n'kufika pa Khirisimasi chaka chomwecho. Chinanyamula radar (makina otumiza mafunde a wailesi n'kumvetsera akabwerera) yotchedwa MARSIS, imene anaitsogolera ndi Giovanni Picardi wa ku yunivesite ya Sapienza ku Rome, mothandizana ndi a ku America. Mbali yoyeza ionosphere inali m'manja mwa Donald Gurnett ndi anzake a ku yunivesite ya Iowa.

Eliyo ya radar imeneyi ndi yaitali mamita 40: mapaipi awiri opepuka a mamita 20 iliyonse, kuphatikizapo ina yaifupi ya mamita 7. Pa ulendo wonse inali yopindidwapindidwa m'bokosi. Inayenera kutambasulidwa mu April 2004, koma akatswiri atabwerezanso masamu awo anachita mantha kuti potuluka ikhoza kukwapula chombocho ngati chikoti. Anadikira chaka chathunthu. Atatulutsa paipi yoyamba mu May 2005, anapeza kuti mfundo yake imodzi sinawongoke bwino, itauma ndi kuzizira. Chimene anachita n'chakuti anatembenuza chombo chonse kuti mbali yozizirayo iwothere dzuwa, ndipo mfundo ija inawongoka n'kukhazikika. Nditawerenga zimenezi ndinakumbuka agogo akundituma kukayanika mabatire ofooka pa mwala kuti madzulo timvereko nkhani. Kunali kuyanika komweko, kungoti uku kunachitikira pa mtunda wa makilomita mamiliyoni ambirimbiri, ndi anthu ogwira ntchito pa chinthu chimene sakanatha kuchikhudza ndi dzanja. Paipi yachiwiri inatuluka bwinobwino mu June, ndipo mu July 2005 ntchito inayamba.

Ndinene mosabisa kuti chimene chinkakopa anthu ambiri pa MARSIS sichinali ionosphere. Anthu ankafuna madzi. Radar imeneyi imatha kuloza pansi pa nthaka, ndipo inaonetsa kuti madzi oundana a kum'mwera kwenikweni kwa Mars ndi ochindikala mpaka makilomita 3.7. Mu 2018 gulu la Roberto Orosei linalengeza kuti laona chonyezimira pa kuya kwa kilomita imodzi ndi theka, chotambalala makilomita 20, chimene linati ndi madzi osaundana. Ena akutsutsabe mpaka lero kuti chikhoza kukhala dongo kapena miyala ya mtundu wina. Nkhani imeneyo inamveka pa dziko lonse. Kwa ofufuza madziwo ionosphere ndi chopinga: masana imabweza mafunde awo asanafike pansi, kapena kuwasokoneza, motero iwo amakonda kugwira ntchito kumbali ya usiku. Nthawi ya masana, imene iwo sakuifuna kwenikweni, ndiyo inkagwera anthu a ionosphere. Ine mtima wanga uli ndi a masanawo.

Kagwiridwe kake nkotere. Chombocho chimazungulira Mars m'njira yonga dzira, kuyandikira mpaka makilomita pafupifupi 300 n'kutalikira kupitirira 10,000, ulendo umodzi maola pafupifupi asanu ndi awiri. Chikatsika kufika pa makilomita 1,200, radar imayamba kuitana. Imatulutsa kaphokoso kakafupi, kumvetsera, kukweza liwu pang'ono, kumvetseranso, mpaka maliwu 160 osiyanasiyana kuyambira 0.1 kufika 5.5 megahertz, zonsezi m'sekondi imodzi ndi kachidutswa. Pakapita masekondi asanu ndi awiri ndi theka imayambiranso. Maliwu otsika amabwezedwa pafupi, pamene plasma ili yopyapyala. Okwererapo amalowa mkati ndithu asanabwezedwe. Ngati chombo chili pa makilomita 430 ndipo pochindikala penipeni pali pa 130, funde limayenda makilomita 600 kupita ndi kubwera, zomwe zimatenga magawo awiri okha mwa magawo 1,000 a sekondi. Kenaka pamafika liwu lina limene silibwezedwanso ndi ionosphere, limaboola n'kukagunda nthaka ya Mars. Pamenepo ndiye wadziwa kuchindikala kwa denga lonse. Pamene dzuwa lili pamutu, malirewo amakhala cha m'ma 4 megahertz, kutanthauza maelekitironi osapitirira kwenikweni 200,000 m'kabokosi kaja, pa mtunda wa makilomita 125 mpaka 135 kuchokera pansi. N'zochepa poyerekeza ndi zathu, ndipo n'zomveka, poti Mars ili kutali ndi dzuwa kuposa ife, mtunda wathu umodzi ndi theka.

Zotsatira zake amazijambula pa chithunzi: maliwu kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuchedwa kwa yankho kuchokera pamwamba kutsika pansi. Ndinayamba kuona zithunzi zimenezi pa foni, usiku wina ndikukonzekera phunziro la mafunde, bandulo ikutha. Mzere wa ionosphere unkaoneka bwino, wokhota ngati chikwakwa. Koma kumanzere kwa chithunzi kunali mizere ina yambiri, ina yoimirira ngati mapolo a mpanda, ina yopingasa ngati mbalo. Ndinangoti ndi zinyalala za makina, zonga phokoso la mvula pa malata lija. Ndinalakwitsa, ndipo kulakwitsa kumeneku ndi kumene kwandichititsa kulemba nkhani ino.

Mizere yoimirira ija imabwera chifukwa radar ikafuula, plasma yozungulira chombo chenichenicho imanjenjemera ngati chikopa cha ng'oma chikamenyedwa. Kunjenjemerako n'kwamphamvu kwambiri moti kumadzaza makutu a makina, ndiye liwu limodzi limaoneka mobwerezabwereza pa mipata yofanana. Ukayeza mpata wa pakati pa mizere iwiri, wapeza liwu la plasma ya pamalo pomwepo, ndipo ndi masamu aja a 8,980 wapeza kuchuluka kwa maelekitironi pamene chombo chili. Nambala imeneyi si yongokometsera. Mafunde akamayenda mu plasma amachedwa, sayenda pa liwiro lawo lonse, choncho kuti usandutse kuchedwa kwa yankho kukhala mtunda weniweni uyenera kudziwa poyambira. Popanda "zinyalala" zija, mzere wokongola wa chikwakwa uja ukhoza kukunamiza.

Mizere yopingasa ndiyo inandigwira mtima koposa. Radar ikafuula imakankha maelekitironi apafupi ndi eliyo. Pamalo pamene pali mphamvu ya maginito, elekitironi siyenda mowongoka, imazungulira n'kubwerera pomwe inachokera, n'kugunda eliyo ija, kuzunguliranso, kugundanso. Maginito akakhala amphamvu imazungulira msanga. Ndiye mpata wa pakati pa mizere yopingasa ukukuuza mphamvu ya maginito pamalopo. Chombo cha Mars Express sichinanyamule chipangizo choyezera maginito. Chinachipeza mwangozi, m'kati mwa phokoso la radar yake. Anthu a ku Iowa akanatha kungofufuta mizereyo kuti chithunzi chioneke choyera, koma anakhala pansi n'kufunsa kuti ikuchokera kuti.

Maginito ndi nkhani yaikulu ku Mars chifukwa dzikolo lilibe chishango cha maginito chokuta dziko lonse ngati chathu. Linali nacho kalekale, chinazima zaka pafupifupi mabiliyoni anayi zapitazo. Chombo cha Mars Global Surveyor, chimene chinafika mu 1997, chinapeza kuti miyala yakale, makamaka ya kumapiri a kum'mwera cha ku Terra Cimmeria ndi Terra Sirenum, inasungabe maginito a nthawi imeneyo, apa ndi apo ngati zigamba. MARSIS ikamadutsa pamwamba pa malo otere imamva mayankho awiri: lina lochokera pansi pake penipeni, lina lochokera cham'mbali, lochedwerapo. Lachiwirilo limasonyeza kuti ionosphere yatukuka pamenepo ngati chulu, pamalo pamene mizere ya maginito yaima chilili. Chombo chikabwereranso patapita miyezi, chulu chija chimapezeka pomwepo. Miyala ya pansi ikuumba mpweya umene uli makilomita oposa 100 pamwamba pake. Kumbali ya usiku nako ionosphere siitheratu, imatsala zigambazigamba, makamaka pamene maginito atsegula njira yoti maelekitironi ochokera kunja agwere mumpweya.

Radar imaona patali koma singakuuze kuti tizidutswato ndi ta mtundu wanji, kapena kuti tatentha bwanji. Pamafunika wina wolowa mu ionosphere momwemo. Mars Express ili ndi chipangizo cha ku Sweden chotchedwa ASPERA-3 chowerenga tizidutswa tothawa, koma ntchito yaikulu ya mtundu umenewu inadzagwiridwa ndi MAVEN, chombo cha bungwe la ku America la NASA chimene chinanyamuka mu November 2013 n'kufika mu September 2014, motsogozedwa ndi Bruce Jakosky wa ku yunivesite ya Colorado. Chinkatsika mpaka makilomita 150, nthawi zina dala mpaka 125, m'kati mwenimweni mwa ionosphere. Chinanyamula timitengo tiwiri tachitsulo totchedwa dzina la Irving Langmuir, yemwe ndi amene anapatsa plasma dzina lakeli. Kamtengoko amakapatsa mphamvu ya magetsi yosinthasintha n'kumayeza kuti maelekitironi akukhamukirako ochuluka bwanji. Pamenepo amadziwa kuchuluka kwawo ndi kutentha kwawo. Zili ngati kuviika chala mumphika, pamene radar ili ngati kuponya mwala m'chitsime n'kumvera.

Wina angafunse kuti kutentha kwa maelekitironi a ku Mars kuli ndi ntchito yanji. Kumbukirani oxygen wamagetsi uja anapezedwa ndi Viking. Akakumananso ndi elekitironi, maatomu awiri aja amapatukana mwamphamvu, ndipo poti Mars ndi dziko laling'ono, lokoka zinthu mofooka, ena mwa maatomuwo amathawiratu osabwereranso. Kufulumira kwa zimenezi kumadalira kutentha kwa maelekitironi. Tizidutswa tina timakokoledwa ndi mphepo yochokera ku dzuwa. Mu 2015 gulu la MAVEN linati njira imeneyi yokha imachotsa magalamu pafupifupi 100 pa sekondi iliyonse, ndipo dzuwa likalusa zimawonjezeka. Magalamu 100 ndi kanthu kochepa, sikadzaza n'komwe kapu ya shuga. Koma ndi sekondi iliyonse, usana ndi usiku, kwa zaka mabiliyoni, ndipo kale dzuwa lili laling'ono linkalusa kuposa lero. Pa nthaka ya Mars pali makwawa ouma ndi malo amene mitsinje inkathira m'nyanja. Mpweya umene unkalola madziwo kuyenda unatulukira pa denga lomweli.

Pa 19 October 2014, MAVEN itangotha mwezi umodzi chifikire, nyenyezi ya mchira yotchedwa Siding Spring inadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140,000 kuchokera ku Mars, kufupi kuposa theka la mtunda wa pakati pa ife ndi mwezi. Poopa fumbi lake lothamanga makilomita 56 pa sekondi, oyendetsa zombo anazibisa kuseri kwa dzikolo. Zitatulukako, MARSIS inamva yankho lachilendo lochokera pansi pa ionosphere ya masiku onse, cha pa makilomita 100 kapena kutsikirapo: chigawo chatsopano chimene dzulo lake kunalibe. MAVEN nayo inanunkhiza mumpweya n'kupeza magnesium, chitsulo ndi zina zotero. Linali fumbi la nyenyezi ija litapsa mumpweya. Wina anamva kuti chigawo chilipo ndi pamene chili, mnzake ananena chimene chapangidwa nacho. Patapita masiku ochepa chinazimirira.

Ndipo pali masiku amene radar imafuula koma nthaka osayankha. Mu September 2017 dzuwa linaphulitsa tizidutswa tamphamvu kwambiri tolunjika ku Mars. MAVEN inaona thambo lonse la usiku likuyaka kuwala kosaoneka ndi maso, kowala kuwirikiza 25 kuposa kumene inali itaonapo. Tizidutswato tinalowa mozama, n'kupanga plasma m'munsi, pamene mpweya uli wothinana ndipo maelekitironi amagundana ndi anzawo pafupipafupi. Plasma yotere sibweza mafunde, imawameza. Kwa masiku pafupifupi khumi, MARSIS ndi radar inzake ya SHARAD ya pa chombo cha Mars Reconnaissance Orbiter zinkavutika kumva nthaka, nthawi zina osaimva n'komwe. Kwa ofufuza madzi amenewo anali masiku otayika. Anthu a ionosphere anatenga zithunzi zopanda kanthuzo n'kuyamba kuziwerenga: lazimirira liti yankho, pa liwu liti, labwerera liti. Kuchokera pamenepo anayerekeza kuya ndi kuchindikala kwa chigawo chimene palibe chombo chingathe kuulukamo. Ndi chigawo D chija cha pakhonde pa agogo, chitakabadwira ku dziko lina. Tsiku limene anthu adzayende pa Mars n'kumalankhulana pa wailesi, adzafunika kudziwa masiku amene dzuwa likudya mawu kumeneko.

Agogo anatisiya Mars Express isananyamuke. Pogawa katundu, wailesi ija inagwera ine, ndipo ikugwirabe ntchito ngakhale chivundikiro cha mabatire ndimachimanga ndi mphira. Chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa mafunde ndimapita nayo kusukulu, n'kuwapempha ana a ku hositelo kuti tikumane panja dzuwa likamapendeka. Timaika pa medium wave, pamalo pamene masana pamangomveka mvula ya pa malata, wina agwira wotchi, wina kope. Timadikira. Ena amayamba kunong'onezana, ena kuthamangitsa udzudzu. Kenaka m'kati mwa phokoso muja mumayamba kutuluka liwu la munthu wolankhula Chipwitikizi, kuzimirira, kubweranso, ndipo wa kope uja amalemba nthawi. Kopelo lafika pa tsamba la 14. M'mwezi wa June liwulo limafika msanga, ana asanaitanidwe ku chakudya chamadzulo. Mu November timadya kaye n'kubwereranso panja.